Giza Ikafa, Limalipira ndi Phiri: Ulendo wa ku Nguludi

Kuchokera pa depoti ya ku Limbe kukafika ku Nguludi pali mtunda wa makilomita pafupifupi 20 basi, koma amene angayende ulendowu m'bandakucha wa mwezi wa June kapena July, chiperoni chitaphimba phiri la Mpingwe, amafika atamva m'mafupa kuti madzi otentha si nkhani ya manyado. Minibasi imatenga msewu wa Midima wopita ku Mulanje, kudutsa ku Bangwe, okwera atadzikulunga m'zitenje ndi m'majuzi, magalasi atachita nkhungu. Mbali inayo ya msewu kumabwera njinga zolunjika m'tauni, ina itasenza matumba a makala, ina mitolo ya nkhuni zowaza, eni ake akukankha pa chikweza thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira chotero. Utsi umene ukufuka kuseri kwa nyumba si wa phala lokha ayi. Pa mafuwa ambiri paterekedwa ndowa ya madzi osamba a ana opita kusukulu, ndipo ndowa iliyonse yadya nkhuni zimene wina anakazitola dzulo madzulo.

Pamsewu womwewu pamadutsanso, mwa apo ndi apo, galimoto za alendo zogonamo, zina za nambala ya ku South Africa, zina za ku Ulaya, zikulowera ku phiri la Mulanje. M'nthiti mwa galimoto yotere mumakhala kachitseko, ndipo kuseri kwake kuli kathanki ka madzi otentha ka malita a pakati pa 10 ndi 40, koyendera gasi, magetsi kapena zonse ziwiri. Kathankika kamakumana ndi zokhoma kuposa giza iliyonse ya m'nyumba: kamagwedezeka m'maenje tsiku lonse, lero kamwa madzi a kunyanja, mawa a pamjigo, mkuja kagona kouma. Komabe eni ake ambiri amakhala nako zaka ndi zaka, ndipo chinsinsi chake sichili m'chitsulo. Mwini galimoto amagona pafupi nako, kakalira amamva, kakafa wosamba madzi ozizira ndi iye yemwe. N'chifukwa chake ulendo ukatha amakhuthula madzi onse n'kutsukuluza matope, ndipo asanayatse gasi amasuzumira m'kapaipi ka moto, poti akangaude ndi mavu omanga ndi dothi amakonda kumangamo. Kapaipiko kakatsekeka lawi labuluu limasanduka lachikasu, limachita mwaye, n'kumatulutsa mpweya wakupha uja umene umamaliza anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Chimene ndikufuna kunena chikuyambira pomwepa. Zotenthetsera madzi za m'zipatala, m'sukulu zogonera konko ndi m'nyumba za alendo m'dziko muno zimafa msanga chifukwa chosowa mwini, ndipo zikafa, bilu yake imakagwera pa nkhuni.

Pa Nguludi Turn-off, pomwe okwera amatsika n'kuyamba kunenerera ndi a kabaza, madzi ali ndi mbiri yawoyawo. Kwa zaka zambiri mzinda wa Blantyre wadalira damu la Mudi ndi mtsinje wa Shire, umene madzi ake amapopedwa pa Walker's Ferry n'kukankhidwa ndi magetsi kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800. Cha m'ma 2019 bungwe la Blantyre Water Board linawonjezera gwero lina, madzi a mtsinje wa Likhubula otsika m'phiri la Mulanje, amene amabwera m'mapaipi kudzayeretsedwa kuno ku Nguludi asanapitirire m'tauni. Ntchitoyi inatheka ndi ngongole ya madola 23.5 miliyoni yochokera ku banki ya Exim ya ku India, ndipo malowa anamangidwa kuti azitulutsa malita 20 miliyoni patsiku. Woyang'anira giza ayenera kudziwa zimenezi, chifukwa thanki imadwala molingana ndi madzi amene imamwa. Nyumba imene imatunga pamtsinje kapena padamu osasefa bwino imalandira matope nthawi ya dzinja. Imene ili ndi mjigo wake kawirikawiri imalandira madzi okhala ndi mchere wa m'miyala, ndipo mcherewu madzi akatentha umatsalira n'kuuma, woyera mbee, monga momwe umaonekera pansi pa ketulo yakale. Ukakuta elementi, kutentha kumalephera kutulukira m'madzi, elementiyo imapsa yokha mkati mpaka kung'aluka. Giza imene ikuguguda kapena kuthetheka ikamatentha ikunena kuti pansi pake padzaza, ndipo mankhwala ake ndi kuzimitsa magetsi, kutseka madzi, kutsegula kampopi kapansi ndi kutsukuluza mpaka madzi atatuluka oyera.

Kabaza akakusiyani pa mishoni, phiri la Malabvi lili chapafupi, mumaona kuti malo ano ndi mudzi wa anthu ogona kutali ndi kwawo. Ansembe a chipani cha Montfort, amene anafika m'dziko muno mu 1901 n'kuyambira ku Nzama, anatsegula Nguludi mu 1903. Mu January 1915, pa nthawi ya kuukira kwa John Chilembwe, amene mishoni yake ya PIM ili ku Mbombwe m'boma lomweli la Chiradzulu, nyumba za pano zinatenthedwa, ndipo zinamangidwanso. Lero pali chipatala cha St Joseph's ndi sukulu yake ya anamwino ndi azamba, pali Catholic University of Malawi imene inatsegula zitseko zake mu 2006, pali koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana a ulumali, komanso sukulu ya ana osamva ya Mary View. Pamalo otere, kaya ndi pano kaya kwina kulikonse m'Malawi, madzi otentha amafunika tsiku ndi tsiku, ndipo owafuna kwambiri ndi amene sangathe kudzitenthetsera okha: mayi wongochira kumene, khanda lake, gogo wogonekedwa m'wodi, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri wogonera pasukulu. Onjezani zofunda zochapa ndi mapoto a kukhitchini. Giza ya pamalo otere imagwira ntchito ya magiza angapo a m'nyumba za mabwana, koma amene amasamba madzi ake si amene anaigula, amene anaigula si amene amaikonza, ndipo amene amaikonza amaitanidwa itafa kale.

M'pofunika kusuzumira mkati mwake kuti tione kuti imfa yake siibwera modzidzimutsa. Giza ya masiku ano ndi thanki yachitsulo yomatidwa mkati ndi galasi lopyapyala. Galasilo limakhala ndi timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo madzi otentha akapeza chitsulo, dzimbiri limayamba. Opanga anadziwa zimenezi, ndiye anaikamo kandodo ka magnesium, kamene amisiri amati anode, kuti dzimbiri lizidya iko m'malo mwa thankiyo. Kakakhala katsopano kamakhala kosalala, kotuwa, konenepa ngati chala chachikulu. Pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, mukakamasula mumakapeza katachita mabowomabowo, katamera zoyera zoyoyoka m'manja. Mukachedwa mumapeza kawaya kokha ka pakati, ndipo kuyambira tsiku limenelo amene akudyedwa ndi thanki. Eni galimoto zogonamo amatsata lamulo losavuta, loti kakatha magawo atatu mwa anayi, kachoke kalowe kena. Mathanki akale a kopa sankasowa kandodoka, n'chifukwa chake anthu ambiri, ngakhale mapulambala ena amene anaphunzira pa mathanki akalewo, sakaganizira n'komwe. Madzi otentha akayamba kununkha ngati dzira lovunda, kawirikawiri ndi tizilombo tokhala m'madzi ogonera tikusakanikirana ndi kandodo komweka, ndipo kutsuka thanki ndi kuitentha mokwanira kumathetsa fungolo. Koma tsiku limene madzi ofiirira ayamba kudontha kuchokera kudenga, palibenso chokonza. Thanki yobooka ndi dzimbiri sawotcherera, amagula ina, ndipo mtengo wake umaposa wa kandodo kaja kambirimbiri.

Palinso imfa ina yodziwika kwathu kuno, yobwera chifukwa madzi ndi magetsi sizithawira pamodzi ndipo sizibwerera pamodzi. Mpopi ukauma, anthu amatsegulabe kumbali ya madzi otentha kufuna kadontho kotsala, kapena madzi amabwerera okha m'mapaipi ngati palibe valavu yowatchinga. Thanki imatsala theka, elementi ili pamtunda. Magetsi akayaka usiku, anthu ali m'tulo, elementi youmayo imapsa m'kanthawi kochepa. Kumbukirani mmene zinalili namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka mu 2023: magetsi ankathima maola ambiri, ndipo popeza madzi a m'mizinda amakankhidwa ndi magetsi omwewo, mipopi nayonso inkauma mosinthanasinthana. Pa nyengo yotere chimene chimapulumutsa giza ndi dzanja la munthu pa swichi. Madzi akathawa, zimitsani giza. Akabwera, tsegulani mpopi wa madzi otentha mpaka utasiya kutsokomola mpweya ndi kuyamba kutuluka mosadukiza, kenako muyatse. Zimenezi sizilira ndalama ngakhale tambala imodzi. Zimangolira kuti pakhale munthu wodziwa pomwe pali swichiyo, ndiponso wodziwa kuti ntchitoyo ndi yake.

Koopsa kwenikweni ndi kavalavu kopumira. Madzi akatentha amafufuma. Thanki ya malita 150 ikatentha kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60, madzi amawonjezekera ndi malita awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo malita amenewo ayenera kupeza potulukira. Ndiye kudontha pang'ono kwa kapaipi kotulukira panja pa khoma pamene giza ikutentha si matenda. Matenda ndi pamene kakuchucha usana ndi usiku, kapena pamene kauma gwa kwa miyezi. Munthu wosadziwa, poipidwa ndi kudonthako, amakapinda kapaipiko kapena kukhomera chotsekera, n'kumati wakonza. Tsiku limene themositati yakanirira osazimitsa elementi, madzi otsekeredwa amatentha kupyola madigiri 100 osawira, ndipo thanki ikang'ambika ena mwa madziwo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, nthunzi imene imafuna malo oposa a madziwo ka 1,600. Mphamvu imeneyo imasasula denga ndi kugwetsa khoma. Lamulo lomweli limagwiranso pa boila ya nkhuni imene mumaiona kuseri kwa nyumba zambiri za alendo ndi m'mamishoni, mgolo wa malita 200 wogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa, moto pansi, ndi paipi yayitali yoloza kumwamba. Paipi imeneyo ndiyo mphuno yake. Isatsekedwe, isaikidwe mpopi, ndipo moto usasonkhedwe pansi pa mgolo wopanda madzi. Kukoka kachogwirira ka valavu kamodzi pa miyezi ingapo, kuona ngati madzi akutuluka ndi kusiya bwinobwino, ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Ena pofuna kupulumutsa mayunitsi amatsitsa themositati kuti madzi azingofunda. Cholinga n'chabwino koma njira yake ndi yolakwika, makamaka pamalo pogona odwala. Tizilombo ta Legionella, timene tinadziwika anthu ambiri atadwala chibayo pa msonkhano wina ku Philadelphia mu 1976, timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo timalowa m'mapapo kudzera m'timadontho ta m'shawa. Thanki isungidwe pa madigiri 60. Madzi otentha chotero amawaula khungu la mwana m'masekondi ochepa, choncho kumabafa a ana ndi a okalamba pamafunika valavu yosakaniza ndi ozizira madziwo asanafike pa mpopi. Wofuna kusunga mayunitsi ayang'ane kwina. Kutentha malita 150 aja kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo elementi ya makilowati atatu imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo. Mpopi wa madzi otentha umene ukudontha usiku wonse chifukwa cha kawashala kotha ukutaya madzi ndi mayunitsi pamodzi, chimodzimodzinso paipi yosakutidwa imene ikudutsa panja pa mphepo ya chiperoni.

Wina atha kunena kuti zonsezi ndi nkhawa za anthu okhuta. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira magetsi m'dziko muno zinali pafupifupi imodzi mwa khumi zilizonse, ndipo kumidzi ya Chiradzulu mayi wotentha madzi pa mafuwa sanaionepo giza. Zoona zake n'zomwezo, ndipo sindikuzipeputsa. Koma taonani chimene chimachitika giza ya pamalo ogona anthu mazana ikafa. Anthuwo sasiya kusamba. Wophika amatereka mgolo pamoto, owadikirira odwala amasonkha moto wawo kuseri kwa mpanda, ndipo oyang'anira amaitanitsa lole ya nkhuni. Nkhunizo zimachokera m'mapiri ndi m'minda momwe mayi uja amatola zake, ndipo wogula pa lole amakweza mtengo wa mtolo umene iye akanagula. Choncho giza imene sanaisambepo ikumulipiritsa. Mapiri a m'boma lino ndi ometeka kale, aliyense woyenda pamsewu amadzionera yekha. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe, m'dera lomwe lino. Mvula ya mtundu umene uja ikanatha kugumula ngakhale malo a mitengo, ndipo kungakhale kunama kunena kuti nkhuni za madzi osamba ndizo zinachititsa. Chimene ndikunena n'chakuti phiri lopanda mizu siligwira dothi, ndipo mtengo uliwonse wodulidwa pofuna kugwira ntchito imene kandodo ka magnesium kakanagwira ndi mtengo wotayika pachabe.

Winanso anganene kuti vuto ndi ndalama, kuti zipangizo zimachokera kunja ndipo ndalama zakunja zikasowa mashelefu amauma. Apanso pali choona. Elementi ndi themositati zimapezeka m'mashopu a hadiweya ku Limbe, koma kandodo kaja si onse amasunga, ndipo chifukwa china n'chakuti palibe amene amakafunsa. Wamalonda amaitanitsa chimene anthu akugula. Komanso mwa ntchito zonse zimene zatchulidwa pano, zambiri sizifuna kugula kanthu: kutsukuluza, kuyesa valavu, kuzimitsa madzi akathawa, kumvetsera phokoso. Kusowa kwa ndalama zakunja kukanayenera kutichititsa kusamala kwambiri thanki imene ilipo, popeza yatsopano ndiyo imadya madola ambiri. Ena amati yankho ndi sola, ndipo ndikugwirizana nawo kuti dziko la dzuwa ngati lathu siliyenera kutentha madzi ndi magetsi a pa Nkula masana. Koma walira mvula walira matope. Machubu agalasi a giza ya sola amachita fumbi m'chilimwe ndipo amafuna kupukuta. Limodzi likasweka, pa mitundu yotchipa imene madzi amalowa m'machubu momwemo, thanki yonse imakhuthukira padenga. Akakhala padzuwa opanda madzi kenako n'kulandira ozizira mwadzidzidzi, amathetheka. Ndipo kuno kumene chiperoni chimatha masiku angapo dzuwa osaoneka, pamafunikabe elementi yothandizira, ndi themositati yake, ndi mavuto ake onse aja. Sola yosowa mwini imafa imfa yomweyo, kungoti imafera poonekera.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse ndi chakuti zinthu za magetsi ndi gasi si zoseweretsa, ndipo kuuza mlonda kapena metironi kuti azigwira giza n'kuika moyo wake pachiswe. Pamenepa malire ayenera kukhala omveka. Kumasula elementi, kusintha themositati, kulumikiza waya wa ethi, kapena kugwira paipi ya gasi ndi ntchito ya mmisiri wophunzira, ndipo dziko lili nawo: TEVETA imayang'anira maphunziro a mapulambala ndi amisiri a zamagetsi, ndipo MERA imapereka zilolezo kwa olumikiza magetsi m'nyumba. Mwini galimoto yogonamo nayenso sakonza zonse yekha, chimene amachita ndi kuona msanga ndi kudziwa nthawi yoitana wodziwa. Umwini umene ukusowa ndi wa mtundu umenewo, wa maso ndi makutu. Pa giza iliyonse ya pachipatala kapena pa hositelo pakhale dzina la munthu mmodzi, osati komiti, ndi kope lopachikidwa pafupi lolembamo tsiku limene inatsukuluzidwa, tsiku limene valavu inayesedwa, ndi tsiku limene mmisiri anaona kandodo. Munthuyo akasamutsidwa, kopelo liperekedwe kwa wolowa m'malo mwake pamodzi ndi makiyi. Abwenzi akufuna kwabwino amene amapereka magiza ndi masola m'malo ngati ano awerengere mu mphatso yawo elementi yapadera, tindodo tiwiri ta magnesium, sipanala yake yomasulira, ndi ndalama ya mmisiri wobwera kamodzi pachaka, makamaka mu April kapena May, kuzizira kusanayambe. Ndipo wosunga chuma akamalemba bajeti, aike ndalama ya kukonzayo pa mzere woyandikana ndi wa nkhuni, kuti akuluakulu osainira aziona manambala awiriwo pa tsamba limodzi.